WAYA WA M'CIUNO: CIFUKWA CAKE ENA AMAUZIDWA KUPONDA, ENA AMALETSEDWA

Mu wodi ya odwala mafupa mumabuka kawiri-kawiri mkangano umene anamwino anauzolowera kale. Azimai awiri agona pa mabedi oyandikana. Onse anacitidwa opaleshoni ya m'ciuno sabata imodzi, ndipo onse ali ndi bala losokedwa pa mbali pa nchafu. Oyamba ndi ambuya ena okalamba amene anaterereka m'matope popita ku cimbudzi usiku. Iwo amawadzutsa tsiku lotsatira opaleshoni ndi kuwauza kuti aponde mmene angathere. Waciwiri ndi mai wa zaka za m'ma 30 amene anamuika ciuno ca citsulo. Iye amamuuza kuti kwa masabata 6 phazi lizingokhudza pansi, ndiponso asayese kutambasulira mwendo kumbali.

Nthawi yoona odwala ikakwana, acibale amayamba kunong'onezana. A kwa ambuya amati anamwino alibe cifundo, akuyendetsa munthu wamkulu bala lisanapole. A kwa mai uja amati kapena opaleshoni inalakwika ndipo madotolo akubisa. Pena mabanja awiriwo amapatsana nzeru, ndipo apo ndi pamene pamayambira ngozi: ambuya amakana kudzuka, mai uja amayamba kuponda mobisa.

Palibe colakwika pa malangizo onse awiri. Kusiyana kwake kwagona pa nsonga imodzi ya fupa, ndi mmene dotolo anaimangira.

FUPA LAKE LILI PATI?

Munthu akaimirira ndi kusisita pa mbali pa ciuno, m'munsi mwa lamba ca pakamwa pa thumba la buluku, amapeza fupa lolimba lotumphuka pansi pa khungu. Ndilo lija limawawa munthu akacezera kugona cammbali pa simenti pa nyumba ya maliro. Ambiri amaganiza kuti pamenepo ndi pamene mwendo unalumikizana ndi thupi, koma iai. Polumikizira peni-peni pali mkati, ca kumphecepece. Fupa la nchafu, limene ndi lalitali kuposa mafupa onse a m'thupi, kumwamba kwake lili ndi mutu wobulungira ngati kampira, umene umalowa m'cikho ca fupa la ciuno. Pansi pa mutuwo pali khosi lopendekeka, ndipo pamene khosi likumana ndi thunthu la fupa pali nsonga yotumphukira kunja ngati phewa. Madotolo amaicha greater trochanter. M'nkhani ino izichedwa phewa la fupa la nchafu.

Phewali lili ngati cikhomo comangirapo mbuzi. Minofu yamphamvu ya m'mbali mwa matako imayambira pa fupa la ciuno ndi kutsika kudzagwira pamenepa. Nchito yake imaoneka pa kuyenda. Phazi limodzi likanyamuka, thupi lonse limatsamira pa mwendo umodzi, ndipo ciuno cimafuna kugwera mbali imene phazi lanyamuka. Minofu ija imakoka pa phewa kuti ciuno cikhale cowongoka. Popeza phewa lili pafupi kwambiri ndi polumikizira, minofuyo imakoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa munthu mwini, monga mmene wokankha citseko pafupi ndi mahinji amabvutikira kuposa wokankha pa cogwirira.

Zotsatira zake ndi zakuti poimirira pa mwendo umodzi, polumikizira pa ciuno pamasenza katundu wolemera kawiri ndi theka kapena katatu kuposa thupi. Mai wolemera makilogalamu 60 akasenza cidebe ca madzi ca malita 20, ciuno cake pa sitepe iliyonse cimanyamula makilogalamu 200 kapena kuposa, amene ndi matumba anai a fetereza.

Phewa likathyoka ndi kukokeredwa m'mwamba, minofu imakhwefuka ngati cingwe cimene cikhomo cake cazuka. Munthu wotere amayenda mopendekera thupi ku mbali yodwala pa sitepe iliyonse, ndipo ngati mbali zonse ziwiri zafooka amayenda ngati bakha. Dotolo wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, analongosola cizindikiro cimeneci mu 1895, ndipo kufikira lero cimadziwika ndi dzina lake.

AKULU-AKULU AKAGWA

Ambiri amene amafika ku cipatala ndi bvuto pamalo amenewa ndi okalamba, maka-maka azimai. Mai akasiya kusamba mafupa ake amayamba kufumbwa pang'ono-pang'ono, ngati mtanda wa denga umene kunja uoneka wabwino koma mkati muli ufa. Kugwa kumene mwana akanangodzuka ndi kusasa fumbi kumathyola ciuno ca ambuya. M'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, njira za miyala ndi ngalande, khonde lopolishidwa, cimbudzi cakutali ndi mdima wa usiku zimathandizira. Maso ofooka ndi kacasu nazonso zimagwetsa.

Kawiri-kawiri fupa limathyoka mopingasa, kuyambira pa phewa kutsika mpaka pa kansonga kena kakang'ono ka mkati. Wobvulalayo amalephera kuimirira, amamva kuwawa kumphecepece kapena pa mbali pa nchafu, mwendo umafupika ndipo phazi limagonera kunja. A pa nyumba akaona zimenezi asakoke mwendo ndipo asauthowe. Aike bulangeti lopinda pakati pa miyendo, amange miyendo iwiriyo pamodzi ndi zitenje, ndi kunyamula munthuyo cogona pa citseko kapena thabwa. Kutema mphini pamalopo ndi kulakwa kwakukulu, cifukwa mabala a mphini amakhala pamene dotolo ayenera kuceka, ndipo akacita mafinya opaleshoni imaimitsidwa. Fupa lothyoka pamenepa limatayanso magazi ambiri mkati mwa nchafu osaoneka kunja, cotero wokalamba angafunike kuikidwa magazi.

Pali kuthyoka kwina kumene kumapusitsa. Phewa lokha limang'ambika, munthu amatha kuyenda motsimphina, ndipo a pa nyumba amati wangobinya. Ngati cidutswaco sicinasunthe kwambiri, cimapola popanda opaleshoni, ndi ndodo cabe. Koma mng'alu wotere nthawi zambiri umapitirira mkati mwa fupa mosaoneka bwino pa X-ray yoyamba, ndipo patapita masiku fupa lonse limatha kuthyokeratu. Wokalamba amene wagwa ndipo akali kumva kuwawa poponda ayenera kubwerera ku cipatala ngakhale anauzidwa poyamba kuti fupa lili bwino.

Akulu-akulu akukumbuka mmene odwala otere anali kugonera miyezi iwiri kapena itatu, mwendo uli womangidwa ku zitsulo zolemera zolendewera kumapazi kwa bedi. Njira imeneyi ikali kugwiritsidwa nchito kumene zitsulo zomangira fupa zasowa, kapena pamene thupi la wodwala silingapirire opaleshoni. Fupa limapola ndithu, cifukwa pamalo amenewa pamayenda magazi okwanira. Bvuto ndi bedi. Wokalamba wogona cagada masabata ambiri amadwala cibayo, amatuluka zilonda pa msana ndi pa zidendene, magazi amaundana m'miyendo, ndipo minofu imatha. Malangizo a madotolo a ku Britain a mu 2011 anachula kuti kumeneko, mwa anthu 10 othyoka ciuno mmodzi anali kumwalira mwezi usanathe, ndipo mmodzi mwa atatu anali kumwalira caka cisanathe, ambiri cifukwa ca matenda ena amene anali nao kale kapena obwera pambuyo pa kugwa. Malangizo omwewo anati opaleshoni icitike tsiku limene wodwala wafika kapena tsiku lotsatira.

Pomanga fupa lotere dotolo amalowetsa msomali waukulu wamazinga, wonga bauti, kupyola m'khosi mpaka m'mutu wa fupa. Msomaliwo umagwirizana ndi citsulo cathyathyathya cokhomeredwa pa mbali pa fupa la nchafu, kapena ndi msomali wina wautali wolowa pa nsonga ya phewa ndi kutsika mkati mwa fupa mmene mumakhala mafuta. Nzeru yake ndi yakuti msomali wa m'khosi uja unapangidwa kuti uziterereka pang'ono m'cimake. Wodwala akaponda, mbali ziwiri za fupa lothyoka zimapanikizana, ndipo kupanikizana kumeneko kumathandiza kuti zigwirane. Ndi cifukwa cake ambuya aja amawadzutsa msanga. Kwa iwo kuponda ndi mankhwala, ndipo kugona ndiko kungawaphe.

PAMENE DOTOLO AMADULA DALA

Nkhani ya mai waciwiri uja ndi ina. Iye sanagwe. Mutu wa fupa lake unafa cifukwa magazi analeka kufikako, monga zimacitikira ena odwala sickle cell, ena amene ali ndi HIV, okonda mowa kwambiri, ndi omwa mankhwala monga prednisolone kapena dexamethasone nthawi yaitali. Kwa ena ciuno cimaonongeka ndi TB ya m'mafupa, ngozi ya pa mseu kapena ukalamba cabe. Anthu otere amawacotsa mutu wa fupa ndi kuwaika wa citsulo, pamodzi ndi cikho catsopano.

Opaleshoni imeneyi inakhazikika ndi nchito ya dotolo wa ku England, John Charnley, pa cipatala ca Wrightington. Atalephera ndi cikho ca pulasitiki ya Teflon imene inali kutha msanga, mu 1962 anayamba kugwiritsa nchito pulasitiki ina yolimba, ndipo kucokera apo anthu oculuka pa dziko lonse anayamba kuyenda opanda ululu. Kuti aone bwino mkati, Charnley anali kudula phewa lonse ndi kulipindira m'mwamba pamodzi ndi minofu yake, ngati munthu wobvundukula mphika. Akatha kuika zitsulo anali kulibwezera ndi kulimanga ndi mawaya opyoza m'fupa. Maganizo ake anali akuti fupa ndi fupa zimagwirana bwino kuposa mnofu wodulidwa ndi kusokedwa.

Kwa odwala ambiri zinali kuyenda bwino, koma osati onse. Kwa ena waya unali kuduka fupa lisanagwire, phewa ndi kukwera m'mwamba. Wodwala anali kutsala ndi ciuno catsopano koma akutsimphina, pena mutu wa citsulo ndi kumaguluka m'cikho cifukwa minofu yougwira yakhwefuka. Ena mfundo ya waya inali kuwalasa pansi pa khungu akagonera mbali imeneyo.

Njira imodzi yocepetsa bvutoli inacokera kuno kum'mwera kwa Africa. Ku Cape Town, dotolo wa mafupa Desmond Dall ndi katswiri wa zipangizo Anthony Miles anapanga cingwe ca timawaya tambiri topotana, ngati cingwe ca mabuleki a njinga, pamodzi ndi kacitsulo ka mano kamene kamakola pa phewa. Analengeza zotsatira za nchito yao mu 1983. Cingwe cotere cimapirira kupindika kuposa waya umodzi, ngakhale naco cimatha kunyotsoka ndi kuduka. Pambuyo pake kunabwera zitsulo zazitali zokhala ndi zikhadabo kumutu, zimene zimakola phewa ndi kutsika pa mbali pa fupa, kumene zimamangidwa ndi zingwe kapena misomali yamazinga. Mu 1995 madotolo a ku America, mmodzi wa iwo Wayne Paprosky, analongosola kadulidwe kena: m'malo modula kansonga kokha, amang'amba phewa pamodzi ndi cipande cacitali ca fupa la m'munsi mwake, ca masentimita 12 kapena kuposa. Cipande cacitali cimapola bwino cifukwa malo ogwirana ndi aakulu, ndiponso mnofu wa m'munsi umakokera pansi pamene wa kumwamba ukukokera m'mwamba.

Masiku ano madotolo ambiri amaika ciuno ca citsulo koyamba osadula phewa. Amalidula pa opaleshoni zobvuta: pocotsa citsulo cakale cimene cakhwefuka kapena cacita mafinya, pa ciuno cimene cinauma kapena kupindika kuyambira ubwana, ndi pokonza cikho cimene caphwanyika pa ngozi. Nthawi zina phewa limang'ambika lokha mkati mwa opaleshoni ngati fupa ndi lofumbwa, ndipo dotolo amalimanga pomwepo. Odwala a m'cigawo ca kum'mawa ofuna opaleshoni zazikulu zotere amayambira ku kiliniki, ndi kutumizidwa ku zipatala monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, ndipo ena amapitirira ku UTH ku Lusaka. Cifukwa ca kucepa kwa madotolo a mafupa, mu 1982 John Jellis anayambitsa nchito ya FlySpec yonyamula madotolo otere pa ndeke kupita ku zipatala zakutali.

WAYA NDI FUPA ZILI PA MPIKISANO

Anyamata opanga magalimoto a waya amadziwa kudula waya popanda pulayala. Amaupinda uku ndi uku pa malo amodzi mpaka utatentha ndi kuduka. Zimenezi ndi zimene zimacitikira waya wa m'ciuno. Nthawi iliyonse minofu ikakoka, waya umapindika pang'ono. Palibe waya, cingwe kapena citsulo cimene cingapirire kukoka kumeneku moyo wonse. Nchito yake ndi kugwira phewa kuti lisagwedezeke kwa masabata 6 mpaka 12, pamene thupi likumanga fupa latsopano pa mng'alu. Fupa likagwira waya usanatope, nkhani yatha, ndipo ngakhale wayawo utaduka pambuyo pake palibe kanthu. Waya ukatopa fupa lisanagwire, minofu imakokera phewa m'mwamba.

Apa ndi pamene ambuya ndi mai uja asiyanirana. Kwa ambuya, kulemera kwa thupi kumapanikiza fupa lothyoka kuti ligwirane. Kwa mai uja, kukoka kwa minofu kumalekanitsa phewa ndi fupa limene liyenera kugwirana nalo. Bala la kunja likapola patapita masabata awiri ndipo ulusi wacotsedwa, wodwala amamva bwino ndi kuganiza kuti wacira. Komatu nthawi imeneyo fupa latsopano likali lofewa ngati ciceremende. Ambiri amaononga opaleshoni yao m'masabata amenewa, ululu utacepa.

Kukoka koipa kwambiri si kwa poyenda pa malo osalala. Ndi kwa podzuka pa mpando waufupi, pokwera masitepe ndi ponyonyomala. Ciuno cikapindika, minofu imakokera phewa kutsogolo, mbali imene waya umagwira mofooka. Ndipo moyo wa m'komboni uli wodzaza ndi zimenezi: kampando ka pa mbaula, mphasa, cimbudzi cokumba, kucapa m'beseni pansi.

KU NYUMBA

Wodwala asanatuluke m'cipatala, wacibale mmodzi wodzamusamala afunse dotolo kapena a fizio mafunso awiri, ndipo mayankho alembedwe pa khadi: kodi aponde motani, ndipo kwa masabata angati? Kodi pali waya kapena cingwe pa phewa? Malangizo amasiyana malinga ndi zimene dotolo anapeza mkati, cotero mau a mnansi amene nayenso anacitidwa opaleshoni ya ciuno asalowe m'malo mwa a dotolo amene anaona fupalo.

Cimbudzi ndico coyamba kukonza. Mpando wakale wa matabwa wolimba, wobooledwa pakati, ungaikidwe pamwamba pa dzenje, kapena m'nyumba ndi cidebe pansi pake ca usiku. Pokhalira pakhale pa msinkhu wa bondo kapena pamwamba pang'ono. Kalipentala wa pa msika angaupange tsiku limodzi. Amene amagona pansi apezeredwe bedi ngakhale lobwereka, ndipo ngati ndi lalifupi liikidwe pa njerwa kapena mabuloko osagwedezeka. Pogona, wodwala agone cagada kapena agonere mbali yabwino ali ndi pilo pakati pa miyendo. Asapingase miyendo, ndipo pobvala nsapato athandizidwe.

Za ndodo anthu ambiri amalakwitsa. Nthawi ya ndodo ziwiri za m'khwapa ikatha ndipo wodwala waloledwa ndodo imodzi, aigwire ku dzanja la mbali yabwino, osati ku mbali yodwala. Ngati opaleshoni inali ku manja, ndodo ikhale ku manzere, ndipo iziyendera pamodzi ndi mwendo wodwala. Ikatero imacirikiza mbali ya ciuno imene imafuna kugwa, ndipo minofu ya pa phewa imapumula. Ndi cifukwa comweco kathumba kopepuka kanyamulidwe ku mbali ya mwendo wodwala. Pokwera sitepe utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wodwala. Cidebe ca madzi, thumba la malasha ndi kubereka mdzukulu zidikire kufikira dotolo atalola. Popita ku cipatala, njinga zonyamula anthu zimene zili mbwee m'Chipata ndi njinga zamoto si zoyenera munthu wotere, cifukwa pokwera amatambasula mwendo ndipo mabampu amagwedeza ciuno. Mu minibasi apemphe mpando wakutsogolo.

Kuletsedwa kuponda si kuuzidwa kugona. Wodwala adzuke, akhale pa mpando wautali, ayende ndi ndodo zake kangapo pa tsiku, ndipo azigwedeza mapazi kawiri-kawiri kuti magazi asaundane. Masewera olimbitsa minofu ya pa phewa, monga kunyamulira mwendo kumbali, amabwera pambuyo, X-ray ikaonetsa kuti fupa lagwira. Kuwayamba msanga kumadula waya, ndipo kusawacita konse kumasiya munthu akutsimphina ngakhale fupa linapola bwino. Kutsimphina kumeneku kumatenga miyezi kuti kuthe.

Fupa limamangidwa ndi cakudya. Kapenta wodyedwa ndi minga yake, mkaka, mazira, nyemba, nshawa ndi ndiwo zamasamba zimathandiza, pamodzi ndi kuothera dzuwa pang'ono tsiku ndi tsiku. Okalamba ambiri safuna kudya pambuyo pa opaleshoni, ndipo ena amadzimana madzi poopa kubvutitsa ana kuwaperekeza ku cimbudzi. Wosamala odwala ayang'anitsitse zimenezi. Fodya amacedwetsa kugwira kwa fupa, ngakhale uja wa m'mphuno amene ambuya ambiri samamuwerengera ngati fodya. Mowa umagwetsa munthu wa ndodo. Odwala shuga asunge shuga wao bwino cifukwa bala limakonda kucita mafinya. Omwa ma ARV apitirize osadumpha. Madotolo a ku Blantyre m'dziko la Malawi analengeza mu 2014 kuti odwala ao okhala ndi HIV amene anaikidwa ciuno ca citsulo anacira bwino, cotero kacirombo si cifukwa cokanira opaleshoni. Mankhwala opha ululu ogula pa msika, monga Indocid ndi diclofenac, amatha kuononga impso ndi kutulutsa zilonda za m'mimba mwa okalamba, ndipo asamwedwe popanda kufunsa ku kiliniki.

ZOOPA ZENI-ZENI NDI ZOOPA CABE

Mabanja ena amakana opaleshoni pomva kuti citsulo cimacita dzimbiri m'thupi, kapena kuti cimaitana mphezi nyengo ya mvula. Zitsulo zimenezi ndi za mtundu wosacita dzimbiri, zina ndi za titanium kapena cobalt-chrome, ndipo zimakhala m'thupi zaka zambiri. Mphezi siisankha munthu cifukwa ca kacitsulo ka mkati mwa nchafu. Odwala ena amadandaula kuti pamalopo pamawawa m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndipo zimenezi zokha si cizindikiro cakuti cina caonongeka.

Zofunika kuthamangira ku cipatala ndi zina. Bala likafiira, kutupa, kutuluka madzi kapena mafinya, maka-maka ngati thupi latentha, wodwala asangomwa mankhwala a malungo kapena makapisozi otsala a munthu wina, cifukwa mafinya akafika pa citsulo sacoka ndi mapiritsi okha. Katumba akatupa ndi kuwawa, kapena munthu akayamba befu mwadzidzidzi ndi kumva kulasa m'cifuwa, angakhale magazi oundana, ndipo zimenezi zimapha msanga. Mwendo ukafupika mwadzidzidzi ndi kupotoka, munthu ndi kulephera kuponda, mutu wa citsulo ungakhale waguluka. Ndipo amene anali kuyenda bwino ndiye wamva kuti thu m'ciuno, ndi kuyamba kupendekera mbali imodzi, phewa lingakhale lasuntha. Wokalamba amene wayamba kusokonezeka mutu kapena kuwodzera kosalekeza masiku oyamba aonedwenso, asanenedwe kuti ndi ukalamba kapena kulodzedwa.

Tsiku lobwerera ku cipatala limene lalembedwa pa khadi limadumphidwa kawiri-kawiri cifukwa wodwala akumva bwino ndipo ndalama za ulendo zasowa. Koma X-ray ya tsiku limenelo ndiyo imauza dotolo ngati nthawi yotaya ndodo yakwana. Pacithunzi wodwala angaone waya woduka ndi kucita mantha. Dotolo amayang'ana fupa. Ngati phewa lili pamalo pake ndipo mng'alu wafafanizika, waya wodukawo amausiya, pokhapokha ngati ukulasa pogona kapena kacidutswa kake kayamba kuyenda kupita ku polumikizira. Pamenepo amaucotsa ndi opaleshoni yaing'ono.

Ngati phewa silinagwire koma langosuntha pang'ono, ambiri amakhala nalo cotero, cifukwa thupi limalimanga ndi mnofu wolimba wa cipsera, ndipo munthu amayenda ndi ndodo imodzi popanda ululu wambiri. Ngati lakwera kwambiri, masentimita awiri kapena atatu, ndipo munthu akutsimphina moipa kapena ciuno cikuguluka-guluka, dotolo angaganize zotsegulanso, kulikokera pansi ndi kulimanga ndi citsulo ca zikhadabo, nthawi zina ndi kuwonjezera tizidutswa ta fupa totengedwa pa ciuno ca wodwalayo. Opaleshoni yaciwiri imeneyi ndi yobvuta kuposa yoyamba, cifukwa mnofu umakhala utafupika ndipo cidutswa ca fupa catha, ndipo masabata a ndodo amayambanso kuwerengedwa kucokera pa tsiku loyamba.